Mwana wobadwa masiku osakwana ku Joni: agonekedwe kuti?

Mwana akabadwa masiku osakwana kuno ku Joni, abale amayamba kuimbirana mafoni ndipo malangizo amakhala amodzimodzi: mutengereni ku Bara (Chris Hani Baragwanath), apo ayi ku Charlotte Maxeke, ngati ndalama zilipo thamangirani ku pulayiveti. Ambiri amaganiza kuti chipatala chikakula ndiye kuti chithandizo chakulanso. Zipatala za boma ku Gauteng siziyendera maganizo amenewo. Zinagawidwa m'magawo, ndipo mwana amagonekedwa potengera zinthu zitatu: wabadwa pa masabata angati, akulemera bwanji, nanga akupuma bwanji. Mwana wa makilogalamu 2.1 amene akuyamwa bwino alibe chochita ku NICU (wodi ya makanda odwala kwambiri), kumuika kumeneko n'kumuyandikitsa ku matenda a m'chipatala popanda phindu. Pomwe wa magalamu 1,100 wobadwira pa kiliniki amakhala pangozi ola lililonse limene akudikira ambulansi.

Kwathu mimba timawerenga m'miyezi, achipatala amawerenga m'masabata. Mimba yokwana ndi masabata 40, ndipo wobadwa asanakwane 37 ndiye wosakwana masiku. Obadwa pakati pa 32 ndi 37 ambiri amangofuna kutenthedwa, kudyetsedwa ndi kuyang'aniridwa. Pakati pa 28 ndi 32 mapapo amakhala asanakhwime, ambiri amafuna makina owathandiza kupuma. Pansi pa 28 ndiye pamakhala ntchito yaikulu. Kungonena kuti "wabadwa pa miyezi seveni" sikumuthandiza dokotala, chifukwa akhoza kukhala masabata 28 kapena 31, ndipo ana awiriwa safuna chisamaliro chofanana. Kulemera nako kuli ndi malire ake atatu: magalamu 2,500, 1,500 ndi 1,000. Mayi amene anayamba sikelo mimba isanafike masabata 20 n'kujambulidwa sikani amafika ndi masiku odziwika m'buku lake. Sikani ya kumapeto kwa mimba imatha kuphonya ndi masabata awiri kapena atatu, ndipo pa mwana wamng'ono kuphonya kumeneko kungasinthe chipatala chimene amutumiza.

Kwa azamba ndi ku chipatala cha distrikiti

Gawo lotsikitsitsa ndi MOU, chipinda chochirira chimene chimakhala pa makiliniki akuluakulu monga Hillbrow, Alexandra, Chiawelo, Zola ndi Mofolo. Pamakhala azamba usana ndi usiku, koma palibe fiyeta ndipo palibe dokotala wa ana. Mwana akabadwa osalira, azamba amatha kumupukuta, kumupopera mpweya ndi masiki, kumupatsa okosijeni n'kuitana ambulansi. Wobadwa bwino amalandira jakisoni wa vitamini K, mankhwala a m'maso, katemera wa BCG ndi poliyo, komanso nevirapine ngati mayi ali ndi HIV. Onse akakhala bwino amatulutsidwa pakangotha maola 6. Pamenepa mpamene pagona vuto: chikasu chimayamba kuoneka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mwana ali kale kunyumba. Ulendo wobwerera ku kiliniki pakati pa tsiku la 3 ndi la 6 si wongokwaniritsa mwambo ayi.

MOU ndi yabwino kwa mimba yokwana yopanda vuto, ndipo siyenera kunyozedwa. Koma mayi wa mapasa, wa BP yokwera, wa shuga, amene anachirapo ndi opareshoni, kapena amene matenda amuyamba mimba isanakwane masabata 34, malo ake ndi kuchipatala.

Chipatala cha distrikiti, monga South Rand ku Rosettenville ndi Bheki Mlangeni ku Jabulani, chili ndi madokotala, fiyeta ndi wodi ya makanda. Muli inkyubeta, okosijeni ya m'mphuno, diripi, mankhwala opha tizilombo obaya mumtsempha, magetsi abuluu ochotsa chikasu, ndi kachubu kodyetsera kodutsa pamphuno kapena pakamwa mpaka m'mimba. Zimaoneka zosadabwitsa, koma ana ambiri osakwana masiku amapulumukira pa zimenezi, makamaka olemera kuyambira magalamu 1,500 kupita m'mwamba amene akupuma okha. Adani awo ndi atatu: kuzizira, kutsika kwa shuga ndi matenda a m'magazi. Kutentha kwa thupi kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Mwana akazizidwa amawotcha shuga wake yense pofuna kudzitenthetsa, shuga akatsika pansi pa 2.6 amafooka n'kusiya kuyamwa, akasiya kuyamwa amazizidwa kwambiri. N'chifukwa chake anamwino amamubaya kachidendene pafupipafupi ndipo salola kuti asambitsidwe tsiku loyamba, ngakhale agogo pafoni adandaule.

High care, kumene kuli CPAP

Gawo limene makolo ambiri salidziwa ndi high care, ndipo ndi limene limanyamula ana ambiri a masabata 28 mpaka 32. Limapezeka m'zipatala zokulirapo monga Rahima Moosa ku Coronationville, Edenvale, komanso m'zipatala zazikulu zija. Mwana amakhala pa makina oonetsa kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa okosijeni m'magazi nthawi zonse, ndipo mwalamulo namwino mmodzi amayenera kuyang'anira ana awiri kapena atatu, ngakhale masiku odzaza amachuluka kuposa pamenepo.

M'mapapo muli timatumba tating'onoting'ono tampweya. Kuti tisamatirire munthu akatulutsa mpweya, thupi limapanga mafuta otchedwa surfactant, ndipo amakwanira bwino cha m'masabata 34. Mwana wobadwa asanafike pamenepo timatumba take timafwamphuka akangopumira kunja, ndiye amalimbana kutitsegulanso pa mpweya uliwonse. Mudzamuona akupuma kupitirira ka 60 pa mphindi, chifuwa chikulowa m'kati, mphuno zikutukuka, akubuula. CPAP ndi makina amene amakankha mpweya pang'onopang'ono kudzera m'timapaipi tapamphuno kuti timatumba tija tisatsekeke, koma wopuma ndi mwana yekha. Amene anagonekapo mwana ku Chatinkha ku Queens kapena ku Bwaila anaonapo mtundu wake wa botolo la madzi ochita thovu. CPAP ikapanda kukwanira amamuthira surfactant m'mapapo kudzera pa kachubu, kenaka n'kumubwezera pa CPAP pomwepo.

Mwana wamng'ono amaiwalanso kupuma, chifukwa mbali ya ubongo yoyendetsa mpweya sinakhwime. Mankhwala ake ndi caffeine, kamodzi patsiku, mpaka atafika cha m'masabata 34. Alamu ikalira musachite nayo mantha msanga, nthawi zambiri kachingwe kapaphazi kangosuntha. Koma musaizimitse ndipo musakhudze kopotokolera okosijeni. Okosijeni wa m'magazi a mwana wosakwana masiku amasungidwa pakati pa 90 ndi 95 peresenti, osati 100. Okosijeni wochuluka amaononga mitsempha ya m'maso mpaka khungu. Pa chifukwa chomwechi, mwana wobadwa pansi pa masabata 32 kapena magalamu 1,500 amayenera kuyezedwa maso pakatha masabata 4 mpaka 6. Tsiku limeneli limapezeka kuti mwana watuluka kale kapena wasamutsidwira kwina, ndipo ndi limene limaphonyeka kwambiri. Matendawa saoneka kunja, maso amaoneka abwinobwino mpaka nthawi yowapulumutsa itadutsa.

CPAP ili ndi zovuta zake. Timapaipi tikathina timatupitsa kapena kudula kakhoma kapakati pa mphuno, mpweya wina umalowa m'mimba n'kuitupitsa, ndipo mwa apo ndi apo phapo limabooka mpweya n'kudzadza m'chifuwa. Mayi amene amakhala pafupi ndi amene amayamba kuona kuti mphuno yafiira, auzeni anamwino.

NICU

Kusiyana kwa NICU ndi high care n'koti kuno makina ndi amene amapumira mwana. Amamulowetsa chubu pakhosi n'kumulumikiza ku ventileta. Timachubu tina timalowa pamchombo todutsitsa mankhwala okweza BP ndi chakudya cha mumtsempha kwa mwana amene matumbo ake sanayambe kulandira mkaka. Namwino mmodzi amayang'anira mwana mmodzi kapena awiri. Ma NICU a boma odziwika mu mzinda muno ali ku Chris Hani Baragwanath, Charlotte Maxeke ndi Rahima Moosa. Nelson Mandela Children's Hospital ku Parktown, imene inayamba kulandira odwala mu 2017, nayo ili ndi NICU ndi madokotala a opareshoni za ana, koma imalandira otumizidwa ndi zipatala zina basi. Kupita pageti pake ndi mwana m'manja n'kutaya nthawi.

Si ana osakwana masiku okha amene amagona kuno. Mwana wa makilogalamu 3.5 amene anabanika pobadwa, kapena anameza chimbudzi chake choyamba n'kulowa m'mapapo, kapena wabadwa matumbo ali otsekeka, amafunanso bedi lomweli. Wobanika pobadwa ali ndi chithandizo chimene chimadalira wotchi: amamuziziritsa thupi mpaka pafupifupi 33.5 kwa maola 72 kuti ubongo usaonongeke kwambiri, koma ayambe asanakwane maola 6. Chimachitidwa kwa ana okwana kapena otsala pang'ono kukwana masiku, ndipo ndi cha m'chipatala chokhala ndi makina ake. Mayi amene anachedwa kunyumba matenda atayamba, n'kuchirira kutali, amataya maola amenewa panjira.

Ventileta imapulumutsa, koma mwana sakhalapo mwaulere. Ikatenga masiku ambiri imapweteka mapapo, ena amatuluka akufunabe okosijeni kwa masabata ambiri. Chubu chilichonse cholowa m'thupi ndi khomo la tizilombo, ndipo tizilombo ta m'mawodi odzaza timakana mankhwala ambiri. Ana ang'ono kwambiri amatha kukha magazi mu ubongo m'masiku oyambirira, n'chifukwa chake amawajambula sikani paliwombo. Palinso matenda otupitsa ndi kuoletsa matumbo, amene amagwira kwambiri ana omwa mkaka wa m'chitini kusiyana ndi omwa wa m'mawere. Choncho mukauzidwa kuti mwana wachotsedwa pa ventileta wapita pa CPAP, kapena wachoka ku NICU wapita ku high care, musaone ngati amutaya kuti apatse malo mwana wina. Ndiye kuchirako.

Pali chinthu chowawa chimene ndi bwino kuchimva tsiku lisanafike. Mabedi a NICU m'zipatala za boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, ndiye zipatala zimaika malire a kulemera kwa mwana woti aikidwe pa ventileta. Kwa zaka zambiri malirewa akhala pakati pa magalamu 800 ndi 1,000, kutengera chipatala. Mwana wochepera pamenepo satayidwa: amatenthedwa, amadyetsedwa, ambiri amapatsidwa CPAP ndi surfactant, ndipo alipo amene amakula. Lamuloli limakhudza mwana aliyense, wa mbadwa ndi wa obwera yemwe. Muli ndi ufulu wofunsa dokotala wamkulu wa wodi kuti akufotokozereni zimene zichitidwe ndi zimene sizichitidwa.

Kusamutsa mayi kapena kusamutsa mwana

Pa zosankha zonse, chimene kholo lili nacho mphamvu kwenikweni n'chakuti mwana abadwire kuti. Mwana wa masabata 30 akasamutsidwa ali m'mimba amafika wotentha, akupuma kudzera mwa mayi ake. Akasamutsidwa atabadwa pamafunika ambulansi yokhala ndi inkyubeta ndi okosijeni, chipatala cholandira chivomere kuti bedi lilipo, ndipo zonsezi zimatha kutenga maola. Ambiri amafika atazizidwa, shuga atatsika.

Kufika msanga kumapatsanso mpata jakisoni wokhwimitsa mapapo, betamethasone kapena dexamethasone, amene amabaya mayi mimba isanakwane masabata 34. Amayamba kugwira pakatha maola angapo ndipo amagwira mokwanira pakatha masiku awiri, ndiye madokotala amapereka mapiritsi ochedwetsa matenda kuti jakisoniyu apeze nthawi. Pansi pa masabata 32 ena amaonjezera magnesium sulphate woteteza ubongo wa mwana. Nsupa ikasweka, magazi akayamba kutuluka, msana ndi m'munsi mwa mimba zikamapweteka mobwerezabwereza mwezi usanakwane, musadikire kuti kuche kapena kuti abwana abwere kuntchito. Imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177, ndipo ngati galimoto ilipo pafupi kwerani. Buku la sikelo lisatsale. Mwana akabadwira panjira, mupukuteni, mugonekeni pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu, mutu uvale chipewa, onse afundidwe. Mchombo ausiye kaye, adzadula achipatala.

Boma kapena pulayiveti

Zipatala za Netcare, Mediclinic ndi Life zili ndi ma NICU abwino, ana ochepa pa namwino mmodzi, ndipo malire a kulemera sakhala othina ngati ku boma. Kwa amene ali pa medical aid yokhazikika ndi njira yabwino, bola mwana alembetsedwe asanakwane masiku 30. Koma kulowa medical aid mimba ilipo kale sikuthandiza, amaika miyezi yodikira imene imadutsa tsiku lochira. Onetsetsaninso ngati chimene mumalipira mwezi ndi mwezi ndi medical aid yeniyeni, chifukwa ma inshulansi ena otchipa amangopereka kandalama kochepa pa tsiku.

Choopsa kwambiri ndi phukusi la kashi lochirira ku pulayiveti. Mtengo wake umawerengera mayi ndi mwana wathanzi. Mwana akalowa NICU bili imayambira pomwepo, bedi palokha, dokotala wa ana payekha, labu ndi X-ray pazokha, ndipo mwana wa masabata 28 amagona pafupifupi miyezi iwiri kapena kuposa. Ndalama zake zimafika ma randi masauzande mazanamazana, chipereganyu cha mpingo kapena cha anthu akumudzi kwanu sichingafikepo. Ndalama zikatha mumayamba kufunafuna bedi ku boma, pomwe mabedi ali kale ndi ana obadwira konko. Mayi wopanda medical aid amene mimba yake ili ndi chiopsezo, ife tikuti achirire ku boma kuyambira pachiyambi.

Za mapepala: mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linasuma, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala zonse za boma, posatengera dziko lochokera kapena mapepala. Osakhudzidwa ndi amene ali pa medical aid ndi amene anabwera m'dziko muno cholinga chili kudzalandira chithandizo. Malamulo aakulu a dziko, gawo 27, amaletsanso kubweza munthu wofuna chithandizo chadzidzidzi. Zoona, pamageti ena ndi pamawindo olembetsera anthu amavutitsidwabe. Zikatero funsani sisitala wamkulu kapena ofesi ya madandaulo, koma musabwerere kunyumba ndi mayi amene matenda ayamba. Ndipo musalembetse ndi chiphaso chobwereka. Gulu la magazi ndi zotsatira za HIV za mwini chiphaso zimasakanikirana ndi zanu, ndipo chikalata chobadwira cha mwana chimatuluka m'dzina la mayi wina.

Kangaru ndi kutuluka

Kuno si kwathu kumene gadiyani amagona pakhonde n'kumaphikira wodwala. M'wodi ya makanda mumalowa mayi, bambo pa nthawi zoikika, basi. Malo ogona amayi amene ana awo ali ku high care ndi ochepa, ambiri amayendera kuchokera kunyumba, choncho ndalama ya takisi ya masabata angapo iganiziridwe msanga. Ntchito yaikulu ya mayi ndi kukama. Ayambe tsiku lomwe wachira, maola atatu aliwonse usiku womwe, ngakhale akutuluka madontho okha, chifukwa mwana wa kilogalamu imodzi amayambira pa mamililita ochepa kwambiri ndipo mkaka woyamba wachikasu uja ndi umene umateteza matumbo. Mkaka ukachedwa, zipatala zina zimapereka wa amayi ena woyezedwa ndi kuphikidwa, mayi atasayina. Amayi a HIV amene akumwa ma ARV mokhulupirika amayamwitsa, mwana amayezedwa magazi pobadwa n'kupatsidwa mankhwala ake.

Wodi ya kangaru ena amaiona ngati ya osauka chifukwa mulibe makina. Akulakwitsa. Mwana amavala thewera ndi chipewa chokha, amagona choimirira pakati pa mawere, mutu utatembenukira kumbali, khosi lisanapindike, n'kumangidwa ndi chitenje cholimba mpaka m'munsi mwa khutu. Kwa mwana amene akupuma yekha, chifuwa cha mayi chimasunga kutentha mofanana ndi inkyubeta, mkaka umachuluka, ndipo matenda a m'wodi amachepa. Kuyambira 2022 bungwe la WHO limalangiza kuti kangaru iyambe mwana akangobadwa, maola 8 mpaka 24 patsiku, ndipo mawodi ambiri amalola ngakhale mwana ali pa CPAP. Bambo nawo angathe kumunyamula mayi akamasamba. Kudya kumayenda motere: kachubu, kenaka kapu, kenaka bere, poti kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi mwana amakutha cha m'masabata 34. Sabata yoyamba amatsika sikelo, si vuto. Akayamba kukwera, mulingo wake ndi pafupifupi magalamu 15 patsiku pa kilogalamu iliyonse.

Amatulutsidwa akamadya yekha, akukwera sikelo masiku otsatizana, ndipo sakuiwalanso kupuma. Kulemera kotulukira kumasiyana ndi chipatala, kawirikawiri pakati pa makilogalamu 1.6 ndi 1.8. Kwa ana ang'ono kwambiri, yembekezerani kuti atuluka chakufupi ndi tsiku limene anayenera kubadwa. Musanachoke onetsetsani kuti m'buku la Road to Health (buku la sikelo la mwana) alembamo tsiku la sikelo, la maso, la makutu, ndiponso kuti mwapatsidwa madontho a ayironi ndi mavitamini n'kuuzidwa tsiku loyambira. Katemera wa masabata 6 amawerengera tsiku lobadwa, koma kukhala, kukwawa ndi kuyenda muziwerengera tsiku limene anayenera kubadwa. Kubadwa kulembetsedwe ku Home Affairs asanakwane masiku 30.

Kangaru ipitirire kunyumba mpaka mwana atafika makilogalamu 2.5 kapena atayamba kukana yekha. M'mwezi wa Juni ndi Julayi usiku wa ku Joni umazizira mpaka kuchita chisanu, ndipo m'chipinda chakuseri kapena mumkhukhu anthu amayatsa mbaula kapena hita ya parafini zitseko zili zotseka. Utsi wake umapha akuluakulu omwe, nanji mwana wa mapapo osakhwima. Botolo la madzi otentha limamuwotcha khungu. Obwera kudzaona mwana asambe m'manja, wachimfine aime pakhomo. Paliwombo ndi pamchombo pasapakidwe mankhwala achikuda, ndipo asamwetsedwe madzi, tiyi kapena timabotolo ta kufamase tothetsa m'mimba. Akakana bere kawiri motsatizana, akazizira kapena kutentha thupi, akamapuma mobanika kapena kuima kupuma, akachita chikasu mpaka m'manja ndi kumapazi, akatupa mimba kapena kusanza zobiriwira, akamagwedezeka, pitani naye molunjika ku chipatala chimene anagonekedwa, ali pachifuwa, ndi kalata yotulukira m'manja.